Mafunso a Owerenga: Ndinasonkhetsa Ndalama Zothandizira Kumudzi, Lero Akundikayikira

Funso

Alangizi, ndine mayi wochokera ku Phalombe, koma ndakhala mumzinda wa Glasgow ku Scotland kwa zaka 9, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Loweruka lililonse ndimadzipereka pamalo ena ogawirapo chakudya kwa mabanja ovutika, amene kuno amawatcha food bank, ndipo kumeneko ndinadziwana ndi anthu ambiri a m'dera limene ndimakhala. Namondwe wa Freddy atasakaza kwathu mu Marichi 2023, ndinaphika nsima, nkhuku ndi mandasi muholo ya tchalitchi, anthu nalipira pakhomo, ena nayenda nane ulendo wa ndawala, mpaka tinapeza £2,400. Ndalamazo zinalowa mu akaunti yanga, ndipo ndinkazitumiza pang'onopang'ono kwa achimwene anga kuti azigula malata a mabanja amene nyumba zawo zinagwa.

Malata anagulidwa ndithu, koma tsopano anzanga ena pagulu lathu la WhatsApp akunong'ona kuti ndinafolera nyumba za abale anga okhaokha. Mayi wina wa konkuno, amene anapereka kuposa onse, anandifunsa mwaulemu ngati ndili ndi malisiti, ine n'kusowa chomuonetsa. Mtima unandipweteka kwambiri chifukwa sindinadyepo ngakhale tambala. Pakalipano a kumudzi akupempha mjigo, ndipo ine ndimaganizanso zodzaza kontena ya zovala. Kodi ndipitirize, kapena ndingozisiya zonse, kuphatikizapo ntchito ya Loweruka ija?

*Mayi wokhumudwa, Glasgow*

Yankho

Mayi, ndikukhulupirira kuti simunadye ndalamazo, chifukwa munthu amene wadya za gulu salemba kalata yofunsa mmene angadziyeretsere. Komabe ndikhala ndikukunamizani ndikanena kuti amene akukukayikiraniwo ndi anjiru chabe. Taganizirani zimene zimachitika pamaliro kwanu ku Phalombe. Chipepeso sichilowa m'thumba la namfedwa mwakachetechete. Pamakhala munthu wina, kawirikawiri wosakhala wa pabanjapo, amene amakhala pakampando ndi kope ndi cholembera, nalemba dzina la aliyense ndi zimene wabweretsa, kaya ndi ndalama, ufa kapena nkhuku, ndipo mwambo usanathe zonsezo zimalengezedwa khamu lonse likumva. Paukwati n'chimodzimodzi: perekaniperekani akatha, ndalama zimawerengedwa patebulo ndi anthu angapo, maso a anthu ali pomwepo. Makolo athu sanakhazikitse zimenezi poganiza kuti namfedwa kapena mkwati ndi wakuba, koma pofuna kuti pasadzapezeke wina wonena kuti waba. Mayi wa ku Scotland uja pofunsa malisiti anangopempha kope la pamaliro lija, ndipo inu, chifukwa cha changu chofuna kuthandiza anthu amene ankagona m'makalasi ndi m'matenti, munaliiwala.

Choncho musanaganize za mjigo, yambani mwakonza za malata. Kope limene silinalembedwe pa nthawi yake likhoza kulembedwa lero, chifukwa ndalama za masiku ano zimasiya mapazi paliponse pamene zadutsa. Sindikizani sitetimenti ya ku banki ya miyezi imeneyo, mulembe mzere pansi pa ndalama iliyonse ya gulu imene inalowa. Tsegulani mbiri ya zimene munatumiza, kaya munadzera ku Mukuru, ku WorldRemit kapena kwina, ndipo achimwene anu nawonso afufuze mauthenga a Airtel Money kapena TNM Mpamba amene ankalandira. Samalani kwambiri ndi masiku, chifukwa mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, kotero mapaundi amene munatumiza mu Epulo ndi amene munatumiza mu Disembala sanabale makwacha ofanana, ndiponso mtengo wa lata sunali umodzi. Munthu amene angawerengetse zonse ndi mtengo wa lero adzaona ngati pali ndalama zosowa pamene palibe. Achimwene anuwo alembe mayina a mabanja onse amene analandira, ndi chiwerengero cha malata a banja lililonse, eni ake asayinire kapena adinde chala, kenako afumu aikepo chidindo chawo. Zonsezi muziphatikize papepala limodzi losavuta kuwerenga: zinalowa zingati, zolipira potumiza zingati, zinafika makwacha angati, malata angati, kwa yani.

Ngati pamndandandawo pali abale anu, musawabise. Lembani poyera kuti mabanja mwakutimwakuti ndi achibale, ndipo nyumba zawo zinagwa monga zinagwera za ena onse. M'mudzi wa kwathu kuno munthu akhoza kuyenda kuchokera kumtunda mpaka kumunsi osapeza khomo limene si la mbale wake, ndipo aliyense wochokera kumudzi amadziwa zimenezo. Cholakwika sichinali chakuti abale analandira, koma chakuti amene ankasankha olandira anali munthu mmodzi, ndiye mbale wanu. Munamusenzetsa mtolo wolemera, chifukwa azakhali akabwera m'mawa ndi misozi, iye sakanatha kuwabweza. Ntchito yosankha ndi ya komiti ya chitukuko ya m'mudzi, imene anthu amaidziwa kuti VDC, pamodzi ndi afumu, ndipo pa nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi khonsolo ya boma imakhala ndi kaundula wa mabanja okhudzidwa, amene imagwiritsa ntchito limodzi ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zotere ya DoDMA. Mukanadzera kumeneko, mwina zinthu zikanachedwerapo masabata angapo, koma dzina lanu ndi la achimwene anu likanatetezeka.

Pepala lija mukalimaliza, litumizeni kwa onse amene anapereka, osati kwa odandaula okha, ndipo mayi ujayo mukamupatse pamanja. Musawonjezerepo mawu odzitchinjiriza kapena oyankha onong'ona aja. Ingolembani kuti nazi zimene ndalama zanu zinachita, pepani kuti lipoti lachedwa.

Tsopano za m'tsogolo. Lamulo loyamba, limene simuyenera kuliphwanyanso ngakhale changu chitakula motani, ndi lakuti ndalama za gulu zisagonenso mu akaunti imene mumalandirira malipiro anu. Pali njira ziwiri zochitira zimenezi. Yoyamba ndi kulembetsa bungwe lanulanu. Ku Scotland bungwe lililonse lofuna kudzitcha lachifundo liyenera kulembetsedwa ku OSCR, ofesi yoyang'anira mabungwe achifundo, kaya ndi laling'ono motani, mosiyana ndi ku England ndi Wales kumene kagulu wamba kamakakamizidwa kulembetsa ku Charity Commission ndalama zake zikapitirira £5,000 pachaka. Magulu ang'onoang'ono ambiri amasankha mtundu wotchedwa SCIO, umene umafuna matrasti (anthu oyang'anira bungwelo) osachepera atatu, ndipo chaka chilichonse mumayenera kupereka lipoti la zachuma limene launikidwa ndi munthu wapadera wosakhala m'komiti. Phindu lake lalikulu ndi Gift Aid: bungwe likavomerezedwanso ndi ofesi ya misonkho ya HMRC, pa £1 iliyonse imene wapereka munthu wokhoma msonkho ku Britain, nasayinira chilolezo, boma limaonjezerapo 25p, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a paundi. Zikanakhala kuti £2,400 yanu yonse inali mphatso zotere, pakanabwera £600 ina yapamwamba. Dziwani komabe kuti ndalama zimene anthu analipira pakhomo kuti adye nsima siziwerengedwa, chifukwa kumeneko kunali kugula chakudya, pamene za ulendo wa ndawala zija zikanatha kuwerengedwa. Dziwaninso kuti tsamba losonkhetsera ndalama limene munthu watsegula m'dzina lake pa GoFundMe kapena JustGiving silibweretsa Gift Aid pokhapokha ndalamazo zikupita mwachindunji ku bungwe lovomerezeka.

Njira yachiwiri ndi kulowa pansi pa bungwe limene lilipo kale, ndipo kwa inu ndi imene ndikuiona yanzeru. Ndaonapo anthu akulembetsa mabungwe ndi mtima wotentha, nasindikiza malaya ndi zikwangwani, koma pofika chaka chachitatu matrasti awiri asamuka, lipoti la pachaka silinapite, ndipo mwini maganizo watsala yekha ndi makalata okumbutsa. Inu mumagwira ntchito ya mashifiti, ina ya usiku, ndipo chimene mukufuna ndi mjigo umodzi, osati ofesi. Mwayi wanu ndi wakuti mukukhala m'dziko limene lili paubale wakale ndi Malawi. Mzinda wathu wa Blantyre unatenga dzina la tauni ya Blantyre imene ili pafupi ndi Glasgow, kumene kunabadwira David Livingstone, ndipo mu 2005 Pulezidenti Bingu wa Mutharika ndi nduna yaikulu ya Scotland pa nthawiyo, Jack McConnell, anasayinirana mgwirizano wa maiko awiriwa. Bungwe la Scotland Malawi Partnership limasonkhanitsa masukulu, mipingo ndi mabungwe ambiri amene amagwira ntchito ndi Malawi, ndipo pakati pawo pali ena odziwa za madzi. Afunseni kuti akulumikizeni ndi limene likugwira kale ntchito kuchigawo cha kummwera. Mukalipeza, gwirizanani polemba kuti ndalama zimene mudzasonkhetse ndi za mjigo wa mudzi wakutiwakuti basi, chifukwa malamulo a mabungwe achifundo salola kuti ndalama zoperekedwa pa cholinga chimodzi zipatutsidwire kwina. Fufuzaninso ngati amene akagwire ntchitoyo kumudzi ndi olembetsedwa ku NGORA, bungwe la boma loyang'anira mabungwe omwe si aboma, limene kale linkatchedwa NGO Board.

Pa za mjigo penipenipo ndikufuna ndichedwepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ndalama za anthu okoma mtima zimathera m'nthaka. Aliyense amene wayenda m'midzi yathu waonapo mjigo wakufa: simenti yang'ambika, chogwirira chazizira, mbuzi zagona pamthunzi wake, ndipo pambali pali chikwangwani chofufuma cholembedwa dzina la amene anapereka. Kawirikawiri chimene chinaupha si chinthu chachikulu. Pampu ya Afridev, imene ili pamijigo yambiri m'Malawi, inapangidwa kuti anthu a pamudzi azitha kuikonza okha, ndipo chimene chimatha msanga ndi timphira ndi tizipangizo tina ting'onoting'ono totsika mtengo. Koma pakapanda komiti ya pamjigo imene yaphunzitsidwa kumasula pampuyo, komanso thumba limene banja lililonse limaponyamo kangachepe mwezi ndi mwezi, kamphira kamodzi kakhoza kuimitsa mjigo chaka chathunthu, amayi nabwerera kudambo. Choncho mu bajeti yanu muikemo maphunziro a komiti ndi zipangizo zoyambira, ndipo m'komitimo amayi achuluke, popeza ndiwo amayamba kudziwa kuti madzi ayamba kutuluka mwa apo ndi apo. Ofesi ya zamadzi ya pakhonsolo idziwe ntchito isanayambe, ndipo malo okumba asankhidwe ndi akatswiri atapima nthaka, osati potengera kuti khomo la afumu kapena la amayi anu lili pati. Kwanu kuno kupimako n'kofunika koposa, chifukwa m'madera ena oyandikira nyanja ya Chilwa madzi a pansi amakhala amchere. Okumba alipidwe m'zigawo, chigawo chomaliza madzi atatuluka ndi kuyezedwa, ndipo ngati n'kotheka akumbe chakumapeto kwa chilimwe pamene madzi ali pansi kwambiri, chifukwa mjigo wokumbidwa m'dzinja umatha kunamiza anthu, n'kudzauma mu Okutobala.

Za kontena ndiyankha mwachidule: isiyeni. Mudzalipira sitima mpaka ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, mudzalipira galimoto, ndipo ngati chilolezo chochotsera msonkho sichinapemphedwe ku MRA katundu asananyamuke, kontenayo idzakhala pamalo osungira ikudya ndalama tsiku ndi tsiku. Zovala zimene zili m'katimo zikupezeka kale pakaunjika pamsika uliwonse. A kumudzi anapempha madzi, sanapemphe majekete.

Mukamadzakonzanso chakudya muholo muja, kumbukirani tizinthu tiwiri ta malamulo. Mpikisano wa matikiti a mwayi umaloledwa popanda chilolezo ngati matikitiwo akugulitsidwa pamalo a mwambowo pa nthawi ya mwambo womwewo, koma mukafuna kuwagulitsa kwa anthu wamba masabata angapo mwambo usanafike, gulu lanu liyenera kulembetsa kukhonsolo. Kuima pamsewu ndi chitini chopemphera ndalama nakonso kumafuna chilolezo cha khonsolo. Ngati mukufuna ulendo wa ndawala umene zonse zakonzedwa kale, Kiltwalk imachitika chaka ndi chaka ku Glasgow, ndipo woyenda amasankha yekha bungwe limene ndalama zake zipite. Pakhomo pakhale anthu awiri owerenga ndalama, osakhala a banja limodzi, ndipo onse asayinire chiwerengerocho asanatuluke muholo.

Ntchito ya Loweruka ija musaisiye. Anthu amene anadzaza holo ija sanabwere chifukwa chodziwa kumene kuli Phalombe. Ambiri mwa iwo sakanatha kuloza Malawi pamapu. Anabwera chifukwa kwa zaka zambiri akhala akukuonani mukunyamula makatoni a zitini ndi mkaka, mukulongedza chakudya cha ana a anthu a mtundu wawo, mvula ikugwa panja. Mukasowa kumeneko panopa, pamene funso la malisiti lili m'malere, kusowa kwanuko kudzayankha funsolo m'njira imene simukuifuna.

Funso

Alangizi, ndinabwera ku Leeds chaka chatha pa chitupa cha ogwira ntchito zaumoyo ndi zosamalira anthu. Masiku opuma ndimasungulumwa, ndipo ndinaganiza zokathandiza pasitolo ina yogulitsa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, imene phindu lake limapita kwa odwala. Anzanga akundiopseza kuti zikhoza kundionongera chitupa, ndipo ena akundiseka kuti ndinawoloka nyanja kudzagwira thangata. Kodi zoona ndi ziti?

*Bambo wa ku Leeds*

Yankho

Bambo, chitupa chanucho chimalola ntchito yodzipereka yosalipidwa, ndipo zimenezi zalembedwa patsamba la boma la gov.uk pamene pafotokozedwa zimene mwini chitupa angachite ndi zimene sangachite. Popeza malamulo olowera ndi kukhala m'dziko la Britain amasinthasintha, werengani tsambalo pa tsiku limene mukukayamba. Chimene muyenera kusamala nacho ndi ndalama. Wodzipereka amabwezeredwa zimene waononga, monga ya basi kapena ya chakudya chamasana, ndipo amaonetsa tikiti kapena lisiti. Akayamba kukupatsani kenakake sabata iliyonse kopitirira zimene mwaononga, ngakhale atakatcha kothokoza, lamulo likhoza kukaona ngati malipiro, ndipo pamenepo mwalowa m'malamulo a ntchito yachiwiri, amene ali ndi malire ake pa mtundu wa ntchito ndi maola. Mantha a anzanuwo mwina akuchokera kwa ophunzira, chifukwa amene ali pa chitupa cha sukulu ali ndi malire a maola 20 pasabata sukulu ikakhala yotsegula, ndipo ntchito yosalipidwa imene ili ndi maola okhazikika ndi udindo wonga wa wolembedwa ntchito imawerengedwa m'maola amenewo. Ngati kumene mukupitako mudzakhala pafupi ndi ana kapena akuluakulu osatha kudziteteza, adzakupemphani kuti mufufuzidwe mbiri yanu kudzera ku DBS, ofesi ya boma yofufuza ngati munthu ali ndi mbiri ya milandu. Musadabwe nazo, chifukwa ndi kafukufuku yemweyo amene munadutsamo polowa ntchito yanu, ndipo boma sililipiritsa odzipereka.

Mawu akuti thangata anzanuwo awagwiritsa ntchito mosaganizira bwino. Poyamba kuthangata kunali kuthandizana, monga mmene anthu amachitira padima, pamene mudzi wonse umalima munda wa munthu mmodzi lero, mawa n'kupita kwa wina. Atsamunda ndiwo anaipitsa liwuli pamene eni minda ikuluikulu ya kumapiri a Shire anayamba kukakamiza anthu okhala pamalo awo kugwira ntchito m'malo mwa lendi, ndipo nkhanza za mchitidwe umenewu paesiteti ya Magomero zinali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe anaukira mu Januwale 1915. Chimene chinapangitsa thangata kukhala yowawa si kusowa kwa malipiro kokha, koma kuti munthu sakanatha kukana popanda kuthamangitsidwa pamalo. Inu mukupita nokha, mukusankha nokha tsiku, ndipo mukatopa mudzatsanzika popanda wokulondolani.

Palinso phindu limene anzanuwo sakuliona. Munthu wobwera kumene amadziwana ndi anthu a kuntchito ndi a kutchalitchi basi, ndipo akafuna nyumba ina ya lendi kapena ntchito ina amasowa mwini dziko womulembera kalata ya umboni. Woyang'anira sitolo amene wakuonani miyezi 6 mukufika pa nthawi yake akhoza kulemba kalata imeneyo. Chingerezi cha ku Yorkshire, chigawo chimene kuli Leeds, chimene ambiri chimawavuta kumva akangofika, mudzachizolowera msanga pakauntala kusiyana ndi pa wailesi yakanema. Kumbukiraninso kuti ntchito yodzipereka si ya eni dzikolo okha: phala limene bungwe la Mary's Meals lakhala likupereka m'masukulu a ku Malawi kuyambira mu 2002 limaphikidwa ndi makolo a m'midzi yozungulira, amene amadzuka m'bandakucha kukasonkha moto popanda malipiro.

Yambani ndi maola atatu kapena anayi pasabata, pa tsiku limene simukuchokera kushifiti ya usiku, ndipo muwauziretu a pasitolopo kuti ndandanda ya kuntchito kwanu imasintha, kuti azikufunsani sabata ndi sabata m'malo mokuikani pa tsiku lokhazikika.